MFUTI YOPEPUKA, MLANDU WOLEMERA

Pakati pa anthu a malonda a kumwera kwa nyanja, kuyambira ku Monkey Bay, kutsikira ku Makawa ndi pa Boma la Mangochi, kufikira ku Namwera ndi ku Chiponde, mumamveka nkhani ya timfuti tating'ono tobisa m'zovala. Nkhaniyi ibwera kawirikawiri ndi ana athu ochokera ku Joni, amene anaona eni masitolo a kumeneko atamangirira kamfuti m'chiuno, malaya ataphimba pamwamba. Iwo anena kuti kamfuti ka makono n'kopepuka kotero kuti munthu akhoza kuyenda nako kuyambira m'mawa kufikira usiku osamva kulemera konse. Mawu otere afika m'makutu a aphunzitsi ndi antchito a Boma amene akhala kutali ndi Polisi, ndipo ena mwa iwo ayamba kudzifunsa ngati si nzeru kupempha chilolezo chakuti nawonso agule kawo.

Funso limeneli liyenera kuyankhidwa mwaulemu, pakuti mantha a anthuwa ali ndi chifukwa. Koma ife titasinkhasinkha zimene eni mfutizo amanena okha, ndi mbiri ya boma la Mangochi, ndi malamulo a dziko lino, tikuona kuti kupepuka kumene anthu akutamandako ndiko kuyenera kutichenjeza koposa. Mfuti ikapepuka inyamulika tsiku ndi tsiku, koma ivuta kuwombera molunjika, ibedwa msanga, ndipo ifika m'malo amene mfuti siiyenera kufikako.

CHIYAMBI CHAKE CHA MFUTI ZOPEPUKA

Kale mfuti zambiri za m'manja zinali za chitsulo cholimba. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945, amisiri a ku America, amene anali atazolowera kupanga ndege ndi aluminiyamu wosakaniza ndi zitsulo zina, anayesa kupanga thupi la mfuti ndi chitsulo chopepukachi. Mu 1950 kampani ya Colt inatulutsa volovolo yotchedwa Cobra, yolemera magalamu pafupifupi 425, pamene inzake ya chitsulo cholimba ya msinkhu womwewo inali kulemera pafupifupi 600. Kampani yomweyo inatulutsanso pisitolo yotchedwa Commander, ya magalamu pafupifupi 770, pamene pisitolo yaikulu ya asilikali inali kupitirira kilogalamu imodzi. Patapita nthawi yochepa a Smith & Wesson anatulutsa yawo yotchedwa Airweight, yolowa zipolopolo zisanu, yolemera pafupifupi magalamu 400 m'malo mwa 550.

Ntchitoyi siinayende bwino nthawi zonse. M'zaka zoyamba za m'ma 1950, gulu la nkhondo la m'mlengalenga la ku America linagulira oyendetsa ndege mavolovolo amene ngakhale chibumi chozungulira chokhalamo zipolopolo chinali cha aluminiyamu. Chibumicho chinalephera kupirira mphamvu ya zipolopolo za masiku onse, ndipo pomaliza akuluakulu analamula kuti zambiri mwa mfutizo ziphwanyidwe. Amisiri anaphunzirapo kuti thupi likhoza kukhala la aluminiyamu, koma mpope ndi malo ophulikira wonga ayenera kukhala a chitsulo cholimba. Mu 1982 asilikali a ku Austria anasankha pisitolo ya Glock, ya thupi la pulasitiki wolimba, ndipo cha m'ma 2000 kunabwera mavolovolo a aluminiyamu wosakaniza ndi chitsulo chosowa chotchedwa scandium, ena osafika ndi magalamu 350 omwe. Zaka zonsezi cholinga cha amisiri chinali chimodzi: kuti mfuti isamveke pathupi la woinyamula.

ZIMENE ENI AKE AMANENA

M'maiko mmene anthu wamba aloledwa kuyenda ndi mfuti zobisa, eni timfuti timeneti agwirizana pa zinthu zingapo. Choyamba ayamikira kupepukako. Anena kuti mfuti yolemera imakoka lamba, imapweteka chiuno, ndipo patapita masabata ochepa mwini wake amatopa nayo naisiya kunyumba. Koma yopepuka ilowa m'thumba la buluku ndipo munthu aiwala kuti ilimo. Pa mfundo imeneyi palibe wotsutsa.

Koma omwewo anenanso kuti kamfuti kotere n'kokoma kunyamula ndipo n'kowawa kuwombera. Aphunzitsi a sayansi adziwa chifukwa chake, pakuti ndi lamulo lachitatu la Isaac Newton limene aphunzitsa ana m'masukulu athu a sekondale: mphamvu imene ikankha chipolopolo kutsogolo ikankhanso mfuti kumbuyo. Chipolopolo chikakhala chomwecho, mfuti ikachepa kulemera ndi theka, ibwerera m'dzanja ndi liwiro lowirikiza kawiri. Tsono volovolo ya magalamu 400 imenya dzanja ndi mphamvu yoposa ya inzake ya magalamu 550 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kupitirirapo pang'ono. Eni ake anena kuti akawombera zipolopolo zowerengeka chikhatho chiyamba kuwawa, ndipo thupi liyamba kunjenjemera lisanamve kulira kwa mfuti, ndiye kuti chipolopolo chipita padera.

Palinso china. Mpope wa timfutiti ndi waufupi, ngati masentimita asanu okha, kotero kuti dzanja likapendeka pang'ono chabe chipolopolo chiphonya kutali. Ndipo pa mavolovolo ambiri otere chala chiyenera kukoka ndi mphamvu ya makilogalamu angapo kuti mfuti ilire, mphamvu yoposa kulemera kwa mfutiyo nthawi zambirimbiri. Chifukwa chake mfuti igwedezeka pa nthawi yomweyo imene iyenera kukhala chete. Akatswiri a ku America omwewo amene agulitsa mfutizi achenjeza kuti kamfuti kopepuka ka mpope waufupi kali m'gulu la mfuti zovuta koposa kuphunzira, ngakhale kuti ndiko kamene ophunzira kumene akonda kugula. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mankhwala ake a vutoli ndi kuyeseza kawirikawiri. Mwini mfuti wa ku Johannesburg ali ndi malo ophunzirira kuwombera pafupi, ndipo akhoza kugula zipolopolo m'sitolo. Kodi mphunzitsi wa ku Katuli, kapena kalaliki wa ku Makanjira, adzayesezera kuti, ndipo zipolopolo za mwezi ndi mwezi adzagula ndi malipiro ati? Munthu amene anawomberapo kasanu tsiku logula, nasunga mfutiyo zaka zitatu, sangayembekeze kulasa chigawenga mumdima, mtima ukugunda, ana ake ali m'chipinda chapafupi. Chipolopolo chophonya sichibwerera kwa mwini wake. M'misika ya Mangochi, ndi m'nyumba zathu za zitseko za matabwa, chikapeza wina amene sanalakwe.

THUKUTA, MALAYA NDI WAKUBA

Tiganizenso za dziko lathu la m'mbali mwa nyanja. Aliyense amene anakhalapo pa Mangochi mwezi wa Okutobala kapena Novembala adziwa kutentha kwake. Amalonda a mfuti anena kuti aluminiyamu sachita dzimbiri, ndipo n'zoona. Koma mpope, chibumi ndi timawaya ta m'kati n'za chitsulo, ndipo thukuta la munthu lili ndi mchere. Eni mfuti a m'maiko otentha anena kuti mfuti yokhudzana ndi thupi iyenera kupukutidwa ndi kudzozedwa mafuta pafupipafupi, ndipo utoto woteteza aluminiyamu umasupuka m'ngodya pakupita kwa nthawi. Mfuti yosasamalidwa ikhoza kukana kulira pa tsiku lenilenilo limene mwini wake anaigulira.

Kubisa nako n'kovuta kwathu kuno. Ku Ulaya ndi ku Joni nthawi yachisanu munthu avala jekete. Ku Mangochi avala malaya amodzi opyapyala. Apanikizana ndi anzake m'minibasi, akwera njinga ya kabaza, avula kuti asambe kunyanja, agona m'nyumba ya alendo pa ulendo wa ku Limbe. Ndipo m'midzi yathu chinsinsi sichikhalitsa. Lero adziwa mkazi, mawa mlamu, mkuja mudzi wonse. Pamenepo mbava zimene kale zinali kufuna ndalama zokha ziyamba kufuna ndi mfuti yomwe, pakuti kwa chigawenga kamfuti kobisika ndi chuma choposa ndalama za nsomba za sabata imodzi. Kamene mwini wake sakumva kulemera kwake m'thumba, sadzamvanso pamene kachoka.

Dziko la South Africa, kumene nkhani imeneyi ichokera, ndilo mboni. Lamulo lawo la mfuti la chaka cha 2000, limene linayamba kugwira ntchito mu 2004, lifuna kuti wopempha mfuti akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo, aphunzire ndi kukhoza mayeso, akhale ndi bokosi lachitsulo lokhoma losungiramo mfuti, ndipo chilolezo cha mfuti yodzitetezera chitha pakapita zaka zisanu. Komabe mfuti zikwizikwi za anthu okhala ndi zilolezo zimabedwa kapena kutayika chaka ndi chaka, ndi kukalowa m'manja mwa zigawenga. Ngakhale mosungira mwa Boma simunapulumuke: mu 2016 Christiaan Prinsloo, yemwe anali mkulu wa Polisi, analamulidwa kukhala m'ndende zaka 18 chifukwa chogulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene zinayenera kuphwanyidwa, ndipo zambiri zinakathera kwa magulu a zigawenga a ku Cape Town. Ana athu akatisimbira za kamfuti ka m'chiuno mwa mwini sitolo, atisimbirenso za maliro a m'makomboni a kumeneko.

Ndipo mfuti yonyamulidwa tsiku lililonse ipezeka pa mkangano uliwonse. Ipezeka pamowa, pa mlandu wa malire a munda, pa kukangana kwa m'banja, pa tsiku limene munthu wataya mtima chifukwa cha ngongole. Mu 1993 Dr. Arthur Kellermann ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa m'madera atatu a ku America, napeza kuti m'nyumba zosunga mfuti ngozi yakuti munthu aphedwe momwemo inali yochuluka pafupifupi katatu, ndipo kawirikawiri wakuphayo anali wachibale kapena wodziwana naye. Ena atsutsa mawerengedwe ake, ndipo America si Malawi. Koma mkulu aliyense amene anaweruzapo milandu pabwalo la mfumu adziwa kuti mkwiyo wa mphindi imodzi utha ndi mawu ngati m'manja mulibe kanthu.

MANGOCHI AIDZIWA MFUTI

Pa maboma onse a dziko lino, ndi ochepa amene analawa za mfuti monga Mangochi. M'zaka za m'ma 1800 magogodela ndi wonga zinali kubwera kuchokera kugombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane, posinthanitsa ndi minyanga ya njovu ndi anthu. Mfumu iliyonse inagula mfuti poopa inzake, ndipo pofuna kulipira mfutizo inayenera kugwira anthu ena. Mu 1891 Harry Johnston anamanga linga lake pa mtsinje wa Shire moyang'anana ndi mudzi wa Mponda. Mu Disembala chaka chomwecho Captain Cecil Maguire anaphedwa kwa Makanjira. Ndipo nkhondo zinapitirira kufikira 1895, pamene Jalasi ndi Makanjira anagonjetsedwa. Mzinga wa sitima ya Guendolen, imene pa 13 Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu, uli pa Boma pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, ndipo ana a sukulu auona popita ndi pobwera.

M'nthawi ya ufulu wathu, usiku wa pa 12 Febuluwale 1965, anthu a Henry Masauko Chipembere analowa pa Fort Johnston, natenga mfuti pa Polisi, nalunjika ku Zomba, koma analephera kuwoloka pa Liwonde. Za ndale za masiku amenewo olemba mbiri aweruza mosiyanasiyana. Chimene palibe angakane n'chakuti mwazi unakhetsedwa, ndipo midzi yambiri ya m'bomali inasauka zaka zotsatira. Kenaka kunabwera nkhondo ya ku Mozambique, kuyambira 1977 kufikira pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Dziko lino linalandira othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo nkhondoyo itatha mfuti za AK-47 zinayamba kudutsa m'njira zachidule za m'malire. Mu Disembala 1993 asilikali athu analanda zida za a Malawi Young Pioneers pa ntchito yotchedwa Operation Bwezani, koma ena anathawira ku Mozambique ndi zida zawo. Amene anali akuluakulu m'zaka za m'ma 1990 akumbukira umbava wa mfuti umene unatsatira.

Pa nyengo zonsezi phunziro ndi limodzi. Sipanakhalepo nthawi imene kuchuluka kwa mfuti m'manja mwa anthu kunagonetsa Mangochi tulo tabwino. Abale athu a ku Mozambique anaona chimodzimodzi, ndipo mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu la kumeneko anayamba kulandira mfuti kwa anthu ndi kuwapatsa makasu, njinga ndi makina osokera. Anthu amene anaona nkhondo ndi maso awo anasankha khasu.

ZIMENE LAMULO LINENA

Tikumbutse awerengi athu kuti lamulo la mfuti la dziko lino, la chaka cha 1967, silisiyanitsa mfuti yolemera ndi yopepuka. Palibe munthu aloledwa kugula, kusunga kapena kulowetsa m'dziko mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo chochokera ku Polisi, ndipo laisensi iyenera kukonzedwanso chaka ndi chaka. Chilolezo cha ku South Africa chilibe mphamvu pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Chiponde. Munthu wobwera ndi kamfuti kobisika m'katundu wa pa basi walakwira lamulo, ndipo wokagula kwa iye walakwanso. Kwa mphunzitsi kapena wantchito wa Boma, mlandu wotere ukhoza kudya ntchito, penshoni ndi dzina labwino la zaka makumi awiri.

Ngakhale amene ali ndi laisensi yabwinobwino asaganize kuti pepalalo ndi chilolezo chakupha. Malamulo athu alola munthu kudziteteza, koma ndi mphamvu yolingana ndi ngozi imene yamugwera. Wowombera mbala imene ili kuthawa, kapena wolasa munthu wongodutsa, adzaimirira pamaso pa woweruza nafotokoze. Mfutiyo ingapepuke motani, mlandu wa mwazi ulemera chimodzimodzi.

Sitikunyoza nzika zimene zisunga mfuti motsata lamulo, monga eni minda ikuluikulu ndi alenje a zilolezo. Mfuti yaitali ioneka, ikhala kunyumba yokhomeredwa, ndipo ituluka pa ntchito yodziwika. Kamfuti kobisa ntchito yake ndi kulasa munthu, ndipo kayenda kumsika, kusukulu ndi kumaliro popanda wodziwa. Chifukwa chake n'koyenera kuti a Polisi aziumirapo popereka chilolezo cha mtundu umenewu.

TSONO TICHITENJI NDI MANTHA ATHU?

Sikokwanira kuuza munthu kuti usagule mfuti, ndi kumusiya ndi mantha ake. Wogula nsomba pa Makawa amene anyamula ndalama zambiri m'bandakucha, wosinthitsa ndalama za pa lamya amene atseka kanyumba kake madzulo, mphunzitsi wamkulu amene asunga ndalama za sukulu kudera lonthawa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Boma, onsewa aopa zinthu zenizeni. Koma tionetsetse chimene mbala itsata. Itsata ndalama za m'manja. Malipiro a antchito a Boma tsopano adzera kubanki, ndipo ndalama za malonda zikhoza kutumizidwa pa lamya munthu asananyamuke padoko. Kuchotsa ndalama m'thumba kuteteza munthu koposa kuikamo mfuti, ndipo sikupha mwana wa mnansi. Aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu aleke kugoneka ndalama m'nyumba za aphunzitsi. Amalonda ayende awiriawiri kapena atatuatatu, ndipo asalengeze tsiku la ulendo.

Chachiwiri ndi kulimbitsa ulonda wa m'midzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 a Polisi agwira ntchito pamodzi ndi makomiti a chitetezo a m'madera, ndipo kumene mafumu, mashehe, abusa ndi aphunzitsi alowamo ndi mtima wonse, mlendo wokayikitsa sagona masiku awiri osadziwika. Mutu umodzi susenza denga. Antchito a Boma, amene ali ophunzira m'madera awo, asaone misonkhano imeneyi ngati ya anthu osaphunzira. Apiteko, alembe zokambirana, athandize kuti madandaulo afike pa Boma.

Chachitatu chili m'manja mwa Boma lenilenilo, ndipo tikhulupirira kuti lidzachisamala. Lamulo la 1967 linalembedwa kusanabwere mfuti za pulasitiki, ndipo maiko a SADC anagwirizana mu 2001 kuti malamulo awo a mfuti alimbitsidwe ndi kufanana, kuti mfuti iliyonse ikhale ndi chizindikiro ndi kulembedwa m'kaundula. N'koyenera kuti wopempha kamfuti ka m'manja ayambe waonetsa kuti anaphunzira kukagwira ndiponso kuti ali ndi pokakhomera. N'koyeneranso kuti ma Polisi a kumalire ndi a m'mbali mwa nyanja akhale ndi galimoto, mafuta ndi anthu okwanira, pakuti nzika ikaitana nayankhidwa msanga siiganiza zogula mfuti. Ndipo popeza mu 2017 bungwe la African Union linapatula mwezi wa Seputembala kukhala nthawi yakuti anthu apereke mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu, mafumu a m'boma la Mangochi akambirane ndi a Polisi za njira yakuti zimene zikali m'madenga ndi m'maenje zituluke mwamtendere.

Kwa aphunzitsi tinena mawu amodzi apadera. Anyamata ambiri a m'makalasi anu maso awo ali ku Joni, ndipo ena adzanyamuka asanamalize ndi sukulu yomwe. Pophunzitsa lamulo la Newton, auzeni chifukwa chake kamfuti kopepuka kamenya dzanja ndi kuphonya. Pophunzitsa mbiri, apititseni pa mzinga wa Guendolen, muwauze za Mponda, za Makanjira, za 1965 ndi za 1992. Akadzabwerako kumeneko adzabwere ndi malata, njinga ndi ndalama za feteleza, ndipo kamfuti ka m'chiuno adzakasiye tsidya lina la malire.